Kusankha jekete yopitira kosaka m'chisanu cha ku Dedza

Mwezi wa Meyi ukangolowa, pa kaunjika wa pa boma la Dedza ndi pa Lizulu pamakhala polimbirana. Belo la majekete likangodulidwa, manja onse amathamangira ku ija yonenepa kwambiri, yofufuma ngati pilo, ndipo woipeza amapita kwawo mtima uli m'malo kuti chisanu cha chaka chino wathana nacho. Ngati ntchito yake ndi kukhala pa benchi kugulitsa kachewere, kapena kulondera pa geti usiku, sanalakwitse. Koma ngati ndi munthu wolawirira ndi khasu ndi agalu kukasaka m'mapesi ndi m'mbali mwa mapiri, wagula chovala chimene chidzamuzunza kawiri tsiku lomwelo: chidzamuwotcha pokwera chitunda, kenako chidzamuzizira akangoima.

Zimenezi zinandionekera chaka china mu Julayi cha ku Bembeke. Tinanyamuka kusanache, ine, amalume ndi anyamata awiri, kulowera ku minda yokololedwa kale kumene kunali mauna ambiri a mbewa. Ndinavala tisheti ya thonje mkati, pamwamba jekete yanga yatsopano yonenepa, zipi mpaka pakhosi. Tisanafike n'komwe pakati pa chitunda msana wonse unali chonyowa. Amalume anandicheukira n'kunena kuti, "Mphwanga, chimenecho umavula thukuta lisanatuluke, osati litatuluka kale." Sindinawamvere, chifukwa mphepo inkaluma m'makutu. Titafika tinakumba, tinasonkha moto, kenako tinakhala pansi kudikira kuti utsi ulowe bwino mu una. Apo m'pamene chisanu chinandigwira. Tisheti ija inamatirira pakhungu, mano akugundana, zala zikukanika kugwira ndodo. Nditasendera kumoto, kamphaliphali kamodzi kanagwera pamkono wa jekete, nsalu n'kusungunuka pomwepo, nthenga n'kuyamba kutuluka. Amalume anali atavala jezi ya mpira mkati, juzi yakale ya ubweya, ndi jekete ya wekisuti yopanda chilichonse mkati mwake, ndipo ankagwira ntchito yawo bwinobwino.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambire pa mfundo yakuti palibe chovala chimene chimapanga kutentha. Moto wake ndi thupi lanu, limene limadzisunga pa madigiri 37. Chovala chimangokola mpweya umene thupi latenthetsa kuti usathawe. Taonani nkhuku m'mawa wa mu Juni: imafufumitsa nthenga kuti pakati pake pakhale mpweya wambiri wosayenda, ndipo mpweyawo ndi umene umaifunditsa. Mpweya wotere umabedwa ndi zinthu ziwiri. Mphepo ikalowa m'nsalu imausesa n'kuikapo wozizira, thupi n'kuyambanso kutenthetsa wina. Madzi ndiye oopsa kwambiri, chifukwa amatulutsa kutentha m'thupi mwamsanga pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Ndipo madzi amene amanyowetsa wosaka kawirikawiri si a mvula ayi, ndi thukuta lake lomwe.

N'chifukwa chake zovala za m'chisanu zimagawana ntchito. Chapakhungu chimachotsa thukuta n'kuuma msanga, ndipo pamenepa jezi ya mpira ya poliyesitala, imene ili mbwee pa kaunjika, imaposa tisheti ya thonje, poti thonje likamwa madzi silifuna kuwataya. Chapakati, kaya ndi juzi ya ubweya wa nkhosa kaya ndi fleece (nsalu yofewa ya ku fakitale yooneka ngati ubweya), ndicho chimakola mpweya. Ubweya wa nkhosa uli ndi khalidwe labwino lakuti umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake osamveka kunyowa. Jekete yapamwamba ntchito yake ndi ina: kutchinga mphepo, mame, mvula yowaza ndi minga, kwinaku ikulola nthunzi ya thukuta kutuluka. Ili ngati denga la nyumba. Kufunda kumachokera pa zimene mwavala pansi pake, ndipo zimenezo mumatha kuchotsa kapena kuwonjezera malinga ndi mmene dzuwa lakwerera. Jekete imodzi yonenepa imakumanani mwayi umenewo, chifukwa mukaivala mukupsa, mukaivula mwatsala pamphepo.

Kuno kwathu mwayi umenewu ndi wofunika kuposa kwina. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kotero pakati pa msika ndi pamwamba pa phiri pali kusiyana kwa madigiri ngati 4, mphepo tisanaiwerengere. Mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo, momwe mpweya wozizira umatsikira n'kugona, mumazizira kuposa pamtunda. Koma pofika masana kumayandikira madigiri 20. Munthu amene wanyamuka kuli mdima n'kubwerera dzuwa lili pamutu wadutsa m'nyengo ziwiri ndi zovala zomwezo. Za mphepo, a kabaza wa njinga zamoto amene amatsika ku Tsangano m'mamawa amazidziwa bwino: madigiri 10 ndi mphepo ya makilomita 40 pa ola zimamveka pakhungu ngati madigiri 6. Ndiye pali chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera kummwera chakummawa imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chimakhuthukira kwambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, koma nafenso chimatifika ndi nkhungu yake ndi kamvula kowaza kamene sikaoneka ngati kanthu mpaka mutazindikira kuti mapewa anyowa.

Majekete ambiri a m'mabelo anasokedwera anthu a kumayiko a chipale, kumene kumazizira kwambiri, osati anthu osaka ndi moto. Ife chisanu chathu n'chocheperapo, koma chimabwera ndi chinyezi, udzu wa mame wofika m'chiuno, lunguzi, ndi moto wofukizira. Ndiye posankha musamangofunsa kuti ikufunda bwanji. Muzifunsa kuti ichita chiyani ikakumana ndi zimenezi.

Jekete yofufuma ya nthenga, imene pa kansalu ka pakhosi kapena ka m'mbali amalemba kuti down, ndi yopepuka ndipo palibe china chofunda ngati iyo pa kulemera komweko. Manambala monga 600, 700 kapena 800 amene amasokedwa pamkono amanena za mmene nthengazo zimafufumira: nambala ikakwera, nthenga zochepa zimakola mpweya wambiri. Vuto lake, nthenga zikanyowa zimaundana timibulu, kufunda konse n'kutha, ndipo kuti ziume pamafunika dzuwa la tsiku lathunthu kapena kuposa. Nsalu yake yakunja imakhala nayiloni yopyapyala imene munga umodzi umaing'amba. Zofanana nazo koma zokhala ndi ulusi wopangidwa ku fakitale mkati, monga PrimaLoft kapena Thinsulate, zimapirirako chinyezi ndipo zimauma msanga. Zonsezi malo ake ndi m'chikwama, kudikira nthawi yokhala pansi. Si zoyendera.

Fleece, nsalu yofewa ija imene kampani ya Malden Mills ya ku Massachusetts inayamba kupanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi yabwino kwambiri pakati, koma pamwamba n'njopanda ntchito. Mphepo imangodutsa ngati pa sefa, ndipo mukalowa nayo m'munda wa chisoso mudzakhala madzulo onse mukuzula timbewu.

Pa majekete a mvula m'pamene anthu amatayira ndalama zambiri, choncho ndichedwepo. Alipo a mitundu iwiri imene pamaso imafanana. Lenikoti wamba wa pulasitiki kapena wa labala salowa dontho, komanso satulutsa kanthu. Ali ngati thumba la feteleza limene timaboola n'kuvala mvula ikatipeza kumunda: mvula siikufikani, koma mukayenda nalo mtunda mumanyowa ndi thukuta lanu lomwe. Mtundu wachiwiri uli ndi kachikopa kopyapyala komatidwa kuseri kwa nsalu. Kotchuka kwambiri ndi Gore-Tex, kamene kanachokera pa zimene Bob Gore anatulukira mu 1969 atakoka mwadzidzidzi pulasitiki ya PTFE yotentha, iyo n'kutambasuka kukhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Eni ake amati kabowo kalikonse n'kochepa ka 20,000 kuposa dontho la madzi, koma n'kokula ka 700 kuposa kanthunzi ka madzi. Choncho dontho silingalowe, pamene nthunzi ya thukuta imatuluka. Makampani ena ali ndi zikopa zawo za mayina ena zogwira ntchito yofanana. Nambala monga 5,000 mm kapena 10,000 mm imanena kutalika kwa madzi amene angaimikidwe pamwamba pa nsaluyo isanayambe kudontha, kutanthauza kuti 10,000 mm ndi mamita 10. Koma nambala imeneyo inayezedwa jekete ili yatsopano, isanadutse m'manja mwa mwini wake woyamba.

Pali china chimene ogulitsa satchula. Nthunzi imatuluka pokhapokha ngati kunja kuli kouma kuposa mkati. M'chiperoni, pamene mpweya wakhuta kale chinyezi, ngakhale jekete yodula imapuma movutikira, ndipo mukakwera nayo chitunda mofulumira mudzanyowa ndithu. N'chifukwa chake ine ndikapeza jekete ya mvula yokhala ndi zipi m'khwapa ndimaigwiritsitsa kuposa ya dzina lotchuka yopanda zipizo. Kutsegula m'khwapa kumatulutsa nthunzi yambiri kuposa timabowo tonse tija.

Koma nayiloni ndi poliyesitala, kaya zikhale zodula bwanji, zimasungunuka ndi moto, ndipo zikasungunuka zimamatirira pakhungu. Kwa munthu wofukiza mauna, kapena wowotha moto wa mapesi m'mamawa, iyi si nkhani yaing'ono. Thonje lolukidwa mothithikana silisungunuka, ndipo ubweya wa nkhosa suyaka msanga, kamphaliphali kamangosiya kadontho kakuda n'kuzima. Apa m'pamene jekete ya wekisuti, ya kanivasi kapena ya asilikali a kunja ya mtundu umodzi wopanda mawanga imapambanira. Imatchinga mphepo mokwanira, imapuma bwino, minga imangoikanda, ndipo ikang'ambika telala aliyense amaisoka. Yang'anani kansalu kake kuti thonje lichuluke kuposa poliyesitala. Kufooka kwake ndi mvula yeniyeni: ikanyowa imalemera n'kuchedwa kuuma. Nthawi zina m'belo mumatuluka jekete ya thonje lopakidwa phula, yolemera, ya fungo la kandulo, ngati zija za kampani ya Barbour imene inayamba mu 1894 ku South Shields ku England. Anthu ambiri amaikankhira pambali poiyesa yakuda ndi mafuta. Imeneyo ndi ya kutchire yeniyeni, mame ndi minga siziithera nzeru, kungoti siichapidwa ndi sopo chifukwa phula limachoka.

Ndiye chigamulo changa n'chakuti, kwa wosaka wa kuno, jekete yovala tsiku lonse ikhale ya thonje lolimba yopanda zonenepetsa mkati, ndipo ya mvula yopyapyala ikhale yopinda m'chikwama kudikira chiperoni. Amene sayandikira moto, monga otchera misampha ya zinziri kapena oyenda ndi legeni, angasankhe ija yotamuka, yosalala kunja koma yaubweya mkati, imene amaitcha softshell. Siletsa mvula yamphamvu, koma pa mphepo ndi nkhungu ndi yabwino, ndipo siichita phokoso.

Phokosolo musalipeputse. Majekete ambiri a mvula amalira kuti tswa tswa mkono ukamakhudza nthiti, ndipo kalulu kapena nkhwali zimakumvani muli kutali. Pa msika pomwepo pekesani mkono wake pathupi lake n'kumvetsera. Za mtundu, mbalame zimaona mitundu bwino kwambiri, choncho wa nkhwali ndi njiwa avale zofanana ndi udzu wouma kapena dothi. Nyama za ziboda sizisiyanitsa bwino ofiira ndi olenji ndi mitundu ya tchire, n'chifukwa chake madera ambiri a ku America amalamula osaka ndi mfuti kuvala olenji wowala, kuti anzawo awaone pamene nyama sizikuwazindikira. Nzeru imeneyi ndi yothandiza pa uzimba, pamene anthu ambiri akuponya zibonga m'nkhungu: chipewa chowala pamutu wa aliyense, makamaka ana, chingapulumutse diso. Zovala za mawanga ngati za asilikali ndi bwino kuzisiya pa msika pomwepo, zingakuikeni m'mafunso osafunikira. Ndinenenso pano kuti kusaka kumene ndikunena ndi kwa m'minda ndi m'madambo a kumudzi. M'nkhalango zotetezedwa monga Chongoni, phiri la Dedza, Dzonzi ndi Mvai simusakidwa popanda chilolezo, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika pa zaka 30 za ndende kwa wopezeka ndi nyama ngati ngaka. Moto wofukizira nawo uzizimitsidwa musanachoke, chifukwa tchire lambiri limene limapsa mu Ogasiti limayambira pa una.

Tsopano pa mulu wa kaunjika penipeni. Pitani mutavala juzi imene mudzavale kosaka, chifukwa jekete imene ikukukwanani pa malaya okha idzathina pa juzi, n'kufinya mpweya uja timafuna kuukola. Mukaivala, kwezani manja ngati mukugwetsa khasu. Ngati m'chiuno mwavundukuka kapena manja athawira m'zigongono, ndi yaing'ono. Weramani ngati mukusuzumira mu una n'kumva ngati msana wa m'munsi waphimbika. Isakhalenso yaikulu ngati thumba, poti mphepo idzalowera pansi n'kutulukira pakhosi. Kachingwe komangira m'chiuno, timalamba tomata pa mikono ndi kolala yofika pachibwano ndi zinthu zazing'ono zimene zimatseka makomo a mphepo. Chipewa cholumikiza ku jekete chikhale ndi chingwe chakumbuyo, apo ayi mukatembenuza mutu mudzaona mkati mwa chipewa m'malo moona galu.

Kenako ikani nsalu pakamwa n'kuuzira mwamphamvu, dzanja lili kuseri. Mpweya ukadutsa wonse mosavuta, mphepo ya pa Bembeke idzadutsanso chimodzimodzi. Ukamadutsa pang'onopang'ono movutikira, ndiye yabwino yoyendera. Ukapanda kudutsa n'komwe, ndi ya mvula, ndipo iyenera kuyesedwa mwina. Itembenuzeni muone misoko. Jekete ya mvula yeniyeni imakhala ndi katepi komatidwa pa msoko uliwonse, chifukwa singano imasiya mabowo. Katepi kakayamba kumatuka m'mapewa ndi m'khosi, madzi adzalowera pomwepo. Pekesani mkati ndi chala, makamaka pakhosi pamene thukuta ndi mafuta a mwini wake woyamba zinkafikira. Mukaona tinthu toyera tikuyoyoka ngati gaga, kapena mkati mukunanda ndi kununkha, kachikopa kaja kanafa ndipo palibe telala angakadzutse. Ine ndimayenda ndi kabotolo ka madzi n'kupempha kuti, "Mayi, ndithireko pang'ono paphewapa?" Ambiri amalola. Madzi akamagubuduka timadontho ngati pa tsamba la koko, mankhwala oletsa madzi amene anapakidwa kunja kwa nsalu akadalipo. Akalowerera nsalu n'kuda, jeketeyo ingaletsebe mvula koma idzalemera ndipo idzasiya kupuma. Ya nthenga ikwezeni padzuwa: timizere tina tikaoneka mbee, nthenga zinathawa kapena zinaundana. Zipi ikokeni kangapo, koma isakuopseni kwambiri, chifukwa pa zonsezi zipi yokha ndi imene imasinthidwa mosavuta.

Kavalidwe kake kosaka ndi kaja amalume ankandiuza. Nyamukani mukumvako kuzizira pang'ono, juzi ili m'chikwama, jezi ndi jekete zokha zili pathupi. Mphindi 10 zoyamba thupi lidzatentha lokha. Mukangoima kuti mudikire, valani juzi nthawi yomweyo pansi pa jekete, musanayambe kumva chisanu, chifukwa kusunga kutentha kumene kulipo n'kosavuta kuposa kubweza kumene kwathawa. Anyamata amene amatsagana nafe atavala kabudula ndi malaya okha muziwayang'anitsitsa, poti thupi laling'ono limazizira msanga. Thupi likatsika pansi pa madigiri 35 munthu amayamba kulankhula mokoka lilime, kupunthwa ndi kuodzera, ndipo kunjenjemera kukasiya iye akadali wozizira, zafika poopsa. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumutchinge ku mphepo ndi ku dothi lozizira, mumupatse tiyi wa shuga kapena phala ngati akutha kumeza bwino, ndipo mupite naye kuchipatala. Kachasu musamupatse. Amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva ngati wafunda pamene kutentha kwa mkati kukutayika.

Jekete ya mvula imafuna kuchapidwa, chifukwa litsiro ndi mafuta zimatseka timabowo, koma safu wambiri amasiya zotsalira zimene zimakoka madzi. Thirani sopo pang'ono, tsukuluzani kawiri kapena katatu, musathire mankhwala ofewetsa zovala, musaipotokole pofinya, ndipo muiyanike pamthunzi pomwe pakupita mphepo. Simbi ya makala isaiyandikire. Sopo wonunkhira kwambiri amakuululaninso kwa nyama. Kabowo ka moto pa nayiloni kamatsekeka ndi chigamba cha chubu cha njinga ndi guluu wake, chomatidwa kunja nsalu ili youma, ndipo ndi mmene ndinapulumutsira jekete yanga ya nthenga ija, imene pano ndimalondera nayo kachewere kudimba. Seputembala akafika, ya nthenga ipachikeni m'malo moipanikiza m'sutikesi, kuti isaiwale kufufuma, ndipo juzi ya ubweya muichape, iume bwino, muitsekere m'chidebe chotseka pakamwa kumene njenjete ndi makoswe sizingafike.